Akavalo Opanda Maso a ku George

Chaka chimene fakitale ya mabulangete inagulitsidwa, atate anabwera kunyumba ndi kalata imodzi ndi maovolosi awiri. Ntchito inathera pomwepo. Koma chimene chinawapweteka kwambiri chinali china. Eni ake atsopano anatseka holo ya antchito, nanyamula mipando, makatani, ngakhalenso mabolodi a chesi amene atate ankaphunzitsira ana Loweruka lililonse.

Atate anga, amene komboni yathu yonse ya George imawaitana Ba Nason, sanagonje. Anajambula mabolodi pa makatoni, natola zitsekerero za mabotolo kuseri kwa tavani, nalemba chizindikiro pa chilichonse ndi penti: mfumu, mfumukazi, bishopu, kavalo, nsanja, msilikali. Ana khumi ndi awiri ankabwera pakhonde pathu. Vuto linali lakuti penti inkafufutika ndi thukuta la m'zala sabata isanathe, zitsekerero zonse n'kuyamba kufanana. Motero anawo anazolowera kusunga m'mutu kuti ichi ndi kavalo, icho ndi bishopu. Mng'ono wanga Karen, wa zaka khumi, ankatha kutchula pamene pali chilichonse akutsuka mbale kuseri kwa nyumba.

Ine ndine Judith. Ndinali nditangomaliza sukulu ndipo ndinkagulitsa tomato ndi makandulo pakantemba ka amayi. Chesi ndinkaidziwa pang'ono. Chimene ndinkakonda kwenikweni chinali kuyang'ana kumsewu ndi kuganiza kuti tsiku lina munthu adzatsika minibasi ali ndi chinsinsi m'thumba, chinsinsi chonena za ine.

Amene anatsika minibasi anali Ba Nsama. Anali mayi wa Chibemba amene analemera ndi salaula, zovala zakunja zobwera m'mabelo. Anali ndi shopu ya mabuloko pafupi ndi siteshoni, ndipo kuseri kwake kunali chipinda chopanda kanthu. Atate anali atapita kukachipempha, ndiye mayiyo anabwera kudzaona yekha.

"Kilabu yamene munakamba ni iyi, imwe bakudya mbewa?"

"Khalani pansi, mbuya," anatero atate. "Nyama ya kolwe, nyani wanu uja, tilibe lero, koma tiyi aliko."

Abemba ndi ife akum'mawa timaitanana mbuya n'kumanyozana choncho popanda wokwiya. Koma Ba Nsama atanyamula chitsekerero chimodzi, nthabwala zinatha.

"Ba Nason, iyi ni dirafuti ya pa siteshoni. Mufuna nipereke rumu yanga kuti bana baphunzire njuga?"

"Si njuga, mbuya. Ni chesi."

"Chesi ninaiona ine pa windo ku Joni. Ili na mafumu, ili na bakavalo, vinthu vooneka bwino. Osati ivi vonunkha mowa."

Anaika mawu ake momveka. Adzabweranso Loweruka lomaliza la mweziwo. Akapeza mabolodi atatu okhala ndi zoseweretsa zenizeni, ana akusewera mwaulemu, adzapereka chipindacho ndi mabenchi, ndipo adzalipira minibasi yopita ku mpikisano wa masukulu m'tauni. Akapezanso zitsekerero, chipinda chidzapita kwa bambo wina amene ankafuna kuonetseramo mafilimu a karate.

M'mawa mwake atate anapita m'tauni kukafunsa mtengo wa chesi m'sitolo. Anabwerako chimanjamanja, nakhala pakhonde akuyang'ana makatoni awo. Sitinawafunse.

Ku George madzi timatunga pa kiyosiki. Mpopi amatsegula dzuwa litatuluka, koma malo pamzere amagwiridwa kukadali mbuu. Umakaika ndowa yako pambuyo pa ya mnzako, n'kubwerera kukasesa. Ndowa ndiyo imakuimirira, ndipo palibe amene amaisuntha. Yanga inali yobiriwira, yomangidwa waya pachogwirira. Pambuyo pake nthawi zonse pankakhala ya mnzanga Kulthum, mwana wa Ba Abdulhamid, kalipentala wachisilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi.

Patapita masiku atatu Ba Nsama atabwera, ndinapeza kanthu m'ndowa mwanga, kokulungidwa m'nyuzipepala. Ndinatsegula nditatembenukira kukhoma. Munali asilikali asanu ndi atatu a chesi, osemedwa ndi thabwa lofiirira la mukwa, osalala ngati sopo, akununkhira thabwa latsopano. Munalibe kalata, munalibe dzina.

"Ni chani?" anafunsa Kulthum.

"Kulibe," ndinatero.

Tsiku lotsatira munali asilikali ena asanu ndi atatu, oyera, a paini. Kenako nsanja zinayi. Kenako mabishopu, n'kuyambiranso asilikali, mpaka za mabolodi atatu zinakwana. Atate ankazifola patebulo n'kumazizungulira ngati akuona mwana wakhanda. Anagula pulayiwudi yotsala kwa womanga wina, iwo ndi ana najambula mabolodi atatu ndi penti yakuda ndi yoyera.

"Judith, ni ndani uyu?"

"Sinidziwa, atate."

"Nanga n'chifukwa chani mundowa yako, osati ya Karen?"

Funso limenelo ndinkalikonda kuposa yankho lililonse. Ndikakhala pakantemba ndinkamupanga munthuyo m'maganizo. Lolemba anali mphunzitsi wamtali wa ku komboni ya Matero. Lachiwiri anali mwana wa munthu wolemera amene anandiona ali m'galimoto. Kawiri konse ndinabisala kuseri kwa mulu wa mabuloko kuti ndimugwire. Ndinangoona amayi a masiku onse akuika ndowa zawo, Kulthum akukonza yake pambuyo pa yanga, agalu awiri, basi. Koma pobwerera ndinkapeza kaphukusi kali momwemo.

Nkhani inafalikira. Clive, kondakitala wa minibasi ya m'tauni, amene ankavala magalasi akuda ngakhale kuli mitambo, anayamba kuima pakantemba pathu.

"Sisi Judy, mwavikonda vinthu vanga?"

"Ni iwe?"

"Ine sinikamba maningi. Koma chesi ninali kumenya bonse ku sekondale. Funsani."

Ndinayang'ana manja ake. Anali ofewa, chala chaching'ono chili ndi chikhadabo chachitali. Manja amenewo sakanasema ngakhale mbatata.

Sabata yachitatu kunabwera mafumukazi asanu ndi mmodzi, kenako mafumu. Ndipo kenako, chete. Lolemba ndowa inali yopanda kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Zonse zinali zitakwana kupatula akavalo. Pankafunika khumi ndi awiri, ndipo sipanabwere ngakhale mmodzi.

"Clive, bakavalo bali kuti?" ndinamufunsa minibasi yake itaima.

"Bali panjira, sisi. Bachedwa pa boda."

Atate anayesa kusema mmodzi ndi mpeni wa kukhitchini. Karen anamuyang'ana nati akufanana ndi nkhuku yonyowa. Atate anaseka, koma anakhala nthawi yaitali akuyang'ana malo anayi opanda kanthu pa bolodi lililonse. Kuika zitsekerero pamenepo kukanakhala kupereka chipinda kwa wa mafilimu ndi manja athu.

Lachitatu ndinali pamzere ndi Kulthum, ndili ndi mfumu imodzi m'thumba la siketi, imene ndinkayenda nayo paliponse. Kulthum ankandisimbira za kasitomala amene anakwiya kwawo dzulo lake.

"Enzofuna bedi ili na mikango iwiri kumutu. Baba banakana. Bamupangira maluwa, bamupangira nyenyezi, koma iye ati mikango chabe. Anayenda."

"Nanga banakana chifukwa chani?"

"Baba sibasema chinthu chopuma. Ati wopatsa mpweya ni Mulungu yekha, munthu asayese kupanga nkhope yake. Na Twaha banamuphunzitsa so."

Anangomaliza mawuwo n'kudziluma mlomo.

Ndinatulutsa mfumu ija. Mafumu a ku holo ya fakitale anali ndi kamtanda pamutu. Iyi inali ndi kampira kosalala. Ndinaiyang'ana, ndinayang'ana Kulthum, ndinayang'ana ndowa yake imene inkagundana ndi yanga m'mawa uliwonse kwa zaka zitatu.

"Kulthum!"

"Ine sinidziwa kanthu."

"Unali kuika pamaso panga!"

"Iwe unali kuyembekeza munthu wa suti," anatero, nayamba kuseka mpaka anakhala pa ndowa. "Unabisala kumabuloko chitenje chako chofiira chionekera ku Matero!"

Twaha, mchimwene wake. Ndinkamudziwa monga umadziwira mtengo wa panjira. Ankadutsa pakhomo pathu ndi wilibala ya matabwa, n'kuima pang'ono kuyang'ana ana akusewera, osanena kanthu, utuchi uli m'tsitsi. Moni wake unali wa mawu awiri. M'maloto anga onse a pakantemba sanalowemo ngakhale kamodzi. Tsopano analowa, ndipo ena onse anatuluka.

Masana omwewo ndinasiya kantemba m'manja mwa amayi n'kupita kushedi ya Ba Abdulhamid. Twaha anali yekha, akupalasa ndi phazi makina opangira miyendo ya matebulo, amene ankazungulira ndi gudumu la njinga. Atandiona phazi linaphonya.

Ndinaika mfumu patebulo. "Nabweza katundu wanu, mwina munataya."

Anayang'ana pansi. "Kulthum ali na kamwa."

"Sanakambe. Ni mfumu yanu yamene yakamba."

Anamwetulira pang'ono, kenako anatsegula bokosi la pansi pa tebulo. Munali zidutswa zitatu za mukwa, chilichonse chili ndi khosi lopindika bwino, koma mutu wosamalizidwa.

"Vina vonse vizungulira pamakina," anatero. "Nsanja ni nyumba chabe. Mfumu ni ndodo ili na chisote. Koma kavalo ni kavalo. Nayesa katatu. Nikafika pa maso manja yakana. Si kuyopa Baba chabe, Ba Judith. Na ine mwine sinifuna."

"Manje Loweruka ni mailo yake ya mailo yake ya mailo. Masiku yatatu chabe."

"Nidziwa."

"N'chifukwa chani munayamba?"

Anapukuta manja ake pa ovolosi nthawi yaitali. "Bana baja bamasewera bwino. Na imwe mumaseka bwino bakawina."

Ndinatolanso mfumu ija n'kuibwezera m'thumba. Mwamwayi, kapena mwatsoka, pakhomo panamveka chifuwa. Ba Abdulhamid anali ataima pamenepo ndi kofia yawo yoyera, pensulo ili kukhutu. Ndinagwada pang'ono n'kuwapatsa moni. Iwo ankalankhula Chichewa cha kwawo, chodekha.

"Ndiye kumene zikupita zidutswa zanga ndi kumeneku. Masabata atatu ndikufuna kamtengo kokhomera mpando, ndikupeza utuchi wokhawokha."

"Baba, pepani, nenzofuna kukuuzani."

"Ukuganiza kuti sindinaone? Asilikali ako oyamba anali onenepa kumunsi. Ndinangokhala chete kuti ndione ngati uwongola." Anatola chidutswa chimodzi m'bokosi, nachitembenuza. "Apa waima bwino. Ndakondwa kuti waima. Tsopano ndiuze, mwana wa a Nason, kavaloyu m'masewera mwanu amachita chiyani? Amadya udzu? Amalira?"

"Ayi, atate ake Kulthum. Amangolumpha. Ndiye yekha amalumpha pamwamba pa anzake."

"Basi?"

"Basi."

Anachotsa pensulo kukhutu najambula pathabwa. Linali khosi lokwera n'kupindika kutsogolo ngati funde, mizere itatu kumsana, kutsogolo kosalala. Panalibe diso, panalibe mphuno kapena pakamwa.

"Uyu si kavalo," anatero. "Uku ndi kulumpha kwake chabe. Kumeneku tingaseme. Twaha, nola tchizulo."

Anagwira ntchito awiriwo Lachinayi lonse, ndi Lachisanu atabwera ku mzikiti. Dzuwa lisanalowe Twaha anabwera yekha pakhomo pathu, osati kudzera m'ndowa, atanyamula akavalo khumi ndi awiri m'kabokosi ka misomali. Anapereka kwa atate ndi manja awiri, nachoka mofulumira ngati waba.

Atate anawafola patebulo. Anali okongola, koma atate anakanda mutu.

"Mbuya wanga uja ananena venizeni, monga va pa windo ku Joni. Akaona ivi azati ni vogwirira ambulela. Judith, ika msomali pa mbaula. Tiboole tumaso tuwiri chabe, palibe azadziwa."

Ndinaika msomali pamakala. Ndinauyang'ana ukufiira. Ndinatenga kavalo mmodzi wa mukwa, ndipo chala changa chinapeza pamalo posalala paja pamene manja a Twaha anaima katatu.

"Atate, siningachite."

"Mwana wanga, ni rumu ya bana iyi."

"Nidziwa. Koma banatipasa so. Tikaboola ndiye kuti tabauza kuti mphatso yawo siinakwane."

Atate anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana amayi, amene anayang'ana kudenga akumwetulira. Anachotsa msomali pamoto ndi pulayala nauponya m'madzi.

"Tikaluza rumu, uzaphunzitsa iwe bana pamutu pako," anatero.

Loweruka anthu anadzaza pakhomo pathu ngati pali ukwati. Ana anabwera atasamba, ena atavala mayunifolomu. Ba Abdulhamid anakhala pampando umene atate anawapatsa, Twaha ataima kumbuyo kwawo. Clive anabwera ndi magalasi ake, akuuza aliyense kuti katundu wake wafika bwino, ndiponso kuti chesi ankamenya onse ku sekondale.

Ba Nsama anatsika minibasi ndi chikwama chachikulu. Anayenda pang'onopang'ono kuzungulira mabolodi atatu aja. Anagwira mfumukazi, nagwedeza mutu. Anagwira nsanja, nanunkhiza. Kenako ananyamula kavalo.

"Ichi ni chani?"

"Ni kavalo, mbuya."

"Kavalo wa kuti? Kwanu ku Chipata bakavalo balibe maso? Mwadya mbewa maningi, Ba Nason, mwayamba kuona vinthu. Ine ninakamba venizeni."

Ndinaona Twaha akuyang'ana zala zake. Ndinakumbukira msomali uja uli m'madzi.

Karen ndiye anayankhula, ali pabenchi miyendo isakufika pansi. "Ba anti, chesi sifuna maso. Na ine ningasewere osaona."

"Iwe kamwana, usanisekese."

"Nimangeni chitenje."

Ba Nsama anamuyang'ana, kenako anamasula chitenje cha m'chiuno mwawo n'kumumanga kumaso okha, mfundo ziwiri, namutembenuza kuti ayang'ane kukhoma. "Manje azasewera na ndani? Osati bawisi, Ba Nason bangamulekelele. Iwe wa magalasi, si ndiwe unali kumenya bonse ku sekondale? Khala apo."

Clive anayesa kunena kuti minibasi ikumudikira, koma anthu anamukankhira pabenchi. Kusewera ankadziwadi pang'ono. Tinagwirizana kuti ine ndizitchula mokweza chimene Clive wasuntha, ndipo wina azisunthira Karen. Atate anatembenuka.

"Twaha, bwera. Ni bana bako aba."

Tinakhala moyandikana, iye ndi ine, mapewa athu atatsala pang'ono kugundana. Karen ankatchula chilembo ndi nambala ya bwalo, Twaha n'kusuntha ndi zala zake zodzaza timabala. Clive anayamba mwamatama, akumenyetsa zoseweretsa pabolodi ngati ali pa siteshoni. Anatulutsa mfumukazi yake msanga n'kudya asilikali awiri a Karen.

"Mwaona? Nimudya monga chitumbuwa!"

Mutu womangidwa wa Karen unkagwedezeka pang'ono, ngati akumvera nyimbo yakutali. Ana a pa mabolodi ena awiri ankasewera masewera awo osatukula maso, ndipo ndinaona Ba Nsama akuwayang'ana. Mu George ana khumi ndi awiri kukhala chete pamodzi sizinali zachizolowezi.

Kenako Karen anatchula bwalo lina. Twaha ananyamula kavalo wa mukwa, namudumphitsa pamwamba pa asilikali awiri, namuika pansi mofatsa.

"Cheki," anatero Karen ali kukhoma. "Ba Clive, mukachotsa mfumu, nitenga mfumukazi."

Clive anavula magalasi. Kanali koyamba kuona maso ake, ndipo anali aang'ono, odabwa. Anayang'ana uku ndi uku, koma zinali zoona. Kavalo mmodzi anali atagwira ziwiri nthawi imodzi. Anthu anakuwa. Patapita mphindi zochepa mfumu ya Clive inasowa kothawira, iye n'kunena kuti dzuwa limamuthobwa.

Ba Nsama anamasula chitenje kumaso kwa Karen, namugwira chibwano. "Unaphunzira kuti ivi?"

"Pa vitsekerero, ba anti. Vonse vimafanana, so umasunga mumutu."

Mayiyo anaseka mpaka chikwama chinagwa. Anatulutsa kiyi yomangidwa kansalu nawaponyera atate.

"Tengani, bakudya mbewa. Mabenchi yazabwera Mande. Minibasi ya mpikisano ni yanga, na uyu wa magalasi ndiye azatinyamula." Anatolanso kavalo uja, namuyang'ana mosiyana ndi poyamba, monga amayang'anira jekete yabwino m'belo. "Anasema ni ndani?"

Ba Abdulhamid analoza mwana wawo ndi chibwano.

"Iwe mnyamata, unipangire vina. Nizaika pa windo ya shopu yanga, vina nizapereka ku maliketi ya banthu bolemera ku Kabulonga. Vikagulidwa, gawo ni yako, gawo ni ya kilabu, kuti bana basazipempha chaka na chaka. Koma umvere: usaike maso. Va maso vili kale ku Joni. Ivi vili chabe ku George."

Madzulo ake tisanadye tinasesa chipinda chija, ana akukangana za pamene adzapachike dzina la kilabu. Atate anasunga zitsekerero zawo m'chitini, nati aliyense watsopano aziyambira pamenepo.

Lolemba ndinakaika ndowa yanga pamzere monga mwa masiku onse, ndisakuyembekeza kanthu, poti zonse zinali zitakwana. Pobwerera ndinapeza kaphukusi ka nyuzipepala. Munali mfumukazi imodzi ya mukwa, yaying'ono kuposa zina zija, yosakwanira pa bolodi lililonse. Inali ndi kabowo pamwamba, ndipo m'kabowomo munadutsa kachingwe kotalika bwino kuzungulira khosi la munthu.

Ndinatembenuka. Kulthum anali atakhala pa ndowa yake, akuyang'ana kumwamba ngati kukubwera ndege.

"Ine sinidziwa kanthu," anatero.

Mpopi unatsegulidwa, mzere unayamba kusuntha, ndipo amayi a kumbuyo anachita kundikuwira kawiri kuti ndisendeze ndowa.